KHOMO LIMENE SITILIONA NDI MASO

Pamene ndinali mnyamata, ntchito yotsiriza ya bambo wanga pa tsiku inali kuzungulira pakhomo ndi nyali m'manja. Ankayambira ku khola la mbuzi, napita ku nkhokwe, natsirizira pa chitseko cha nyumba, chimene ankachitseka ndi mpiringidzo. Akatero ankatiŵerenga ife ana mmodzimmodzi, ndipo tikatha kupemphera nyali inkazimitsidwa. Masiku amenewo kholo linkadziŵa makomo onse a nyumba yake, pakuti anali oŵerengeka ndiponso ooneka ndi maso.

Lero m'nyumba zambiri za muno mu Zomba, ku Chinamwali, ku Matawale, ku Sadzi, ku Chikanda ndi kumtunda konse kwa Mulunguzi, mwabwera khomo lina limene makolo athu sadalidziŵe. Khomo limeneli ndi kabokosi kakang'ono ka timagetsi tophethira, kotchedwa rauta, kamene kamagaŵa intaneti kwa onse a m'nyumba popanda waya. Ndi chipangizo chabwino, ndipo sindikulemba kuti ndichinyoze. Komatu akuluakulu adati walira mvula walira matope. Amene waloŵetsa rauta m'nyumba watsegula khomo, ndipo khomo lililonse limafuna loko ndi mlonda. Ndikufuna kukambirana nanu, makolo anzanga ndi inu achinyamata, za kaikidwe ka chipangizochi ndi katsekedwe kake, zinthu zimene ine ndidaphunzira nditaona kale zakuda.

Zimene zidachitika pakhomo panga

M'chaka cha 2023 mwana wathu wachisamba, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, adatigulira rauta kuti tizilankhulana moonana nkhope, ndiponso kuti abale ake aŵiri otsala pakhomo, mtsikana wa Fomu 3 ndi mzime wa Sitandade 7, azipezapo za maphunziro. Wogulitsa adaikamo simukhadi, nandiuza kuti ndikangolumikiza ku magetsi ntchito yatha. Ndidaiika pa zenera la pabalaza loyang'ana kumsewu, ndipo mawu achinsinsi ndidasiya omwe aja adalembedwa kunsi kwake. Tidagula bandulo ya mwezi wathunthu, koma idatha pa masiku 9. Tidagulanso ina ndi ndalama imene mayi a kunyumba adasungira feteleza, ndipo iyonso sidaone kutha kwa sabata lachiŵiri.

Mkwiyo wanga udagwera mtsikana uja. Ndidamnena kuti amachezera mafilimu, ndipo ngakhale adakana ndi misozi, sindidamkhulupirire. Usiku wina, ndikuchokera ku mapemphero a m'miraga, ndidapeza anyamata anayi atakhala m'mbali mwa ngalande kuseri kwa mpanda wathu, nkhope zawo zikuŵala ndi kuunika kwa mafoni. Adandipatsa moni mwaulemu, inenso ndidayankha, osazindikira kanthu. Patapita masiku aŵiri mphunzitsi mnzanga wachinyamata, wodziŵa za makompyuta, adabwera kudzaona vuto langa. Adatsegula m'kati mwa rauta nandionetsa mndandanda wa mafoni amene ankadya bandulo yanga. Anali 14, pamene pakhomo pathu pali mafoni 3 okha.

Pofufuza tidapeza kuti mzime uja adauza mnzake mmodzi yekha mawu achinsinsi, mnzakeyo adauza mkulu wake, ndipo mkulu wakeyo adauza mzere wonse wa nyumba. Ndidapepesa kwa mwana wanga wamkazi pamaso pa banja lonse. Koma chimene chidandisoŵetsa tulo sichinali ndalama. Tidazindikiranso kuti mzimeyo ankatenga foni ya amake tonse titagona, nafunda nayo bulangete mpaka tambala woyamba, ndi kuti ankalemberana ndi munthu wamkulu wosadziŵika, amene anali atayamba kumfunsa kumene amakhala ndi nthaŵi imene makolo ake sakhala pakhomo. Ine mkulu wa mpingo, mphunzitsi wa zaka zoposa 30, ndinkatseka chitseko ndi maloko aŵiri usiku uliwonse, pamene khomo lalikulu la nyumba yanga linali pululu.

Kodi rauta imagwira bwanji ntchito?

Tonse tidakula ndi wailesi, ndipo tikudziŵa kuti mawu a MBC amafika m'nyumba zathu kudzera m'mafunde osaoneka. Rauta ili ngati nyumba ya wailesi yaing'ono, koma iyo imatumiza ndiponso imalandira. Mbali imodzi imatunga intaneti kuchokera kunja. Marauta ena amatunga ku nsanja za TNM kapena Airtel kudzera mu simukhadi, ena pa waya wokokedwa mpaka m'nyumba, ndipo ena ku masetilaiti a mumlengalenga, monga a Starlink imene idayamba kugwira ntchito m'Malaŵi muno m'chaka cha 2023. Mbali inayo imagaŵira mafoni ndi makompyuta a m'nyumba kudzera m'mafunde otchedwa Wi-Fi, dzina limene lidayamba m'chaka cha 1999.

Tsono mafunde sadziŵa malire. Amapyola zenera, amadumpha mpanda, nafika kumsewu ndi kwa anansi. Aliyense woima pamene mafundewo akufika ali ngati waima pakhonde panu, ndipo chomletsa kuloŵa ndi mawu achinsinsi okha. Akaloŵa, si bandulo yokha imene ili pangozi. M'chaka cha 2018 bungwe la MACRA, limene limayang'anira za mauthenga m'dziko muno, lidalamula kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Motero munthu akagwiritsa ntchito rauta yanu potukwana, poopseza kapena pobera anthu, mapazi amene ofufuza adzalondole adzayamba kufika pakhomo panu. Ndiponso munthu wochenjera akaloŵa m'kati mwenimweni mwa rauta, angathe kuisokoneza kuti izikutumizani ku masamba achinyengo ofanana ndi a banki yanu.

Malo oyenera kuiika

Rauta ikhale pamalo okwera, monga pamwamba pa kabati, osati pansi kapena kuseri kwa wailesi yakanema. Makoma a njerwa amafooketsa mafunde, ndipo zitsulo ndi madzi zimafooketsa koposa, choncho musaiike pafupi ndi firiji kapena mgolo wa madzi. Ngati intaneti yanu imabwera pa waya, ikani rauta pakatikati pa nyumba kuti zipinda zonse zilandire. Koma ya simukhadi imafunanso kumva nsanja, ndipo kuno ku Zomba, kumene nyumba zambiri zili m'tsinde mwa phiri ndi m'zigwa za Mulunguzi ndi Likangala, chipinda china chimagwira bwino pamene china sichigwira konse. Iyeseni m'zipinda zingapo, muone pamene timagetsi tosonyeza mphamvu tikuyaka tambiri. Ngati pali mazenera aŵiri ogwira mofanana, sankhani loyang'ana kuseri kwa nyumba, osati kumsewu monga ndidachitira ine.

Marauta ambiri amatulutsa mafunde a mitundu iŵiri, a 2.4 GHz ndi a 5 GHz. Oyambawo amafika patali ndipo amapyola makoma mosavuta, koma ngochedwerapo. Achiŵiriwo ngothamanga koma safika patali, ndipo chifukwa cha ichi satayikira kwambiri kumsewu. M'nyumba yaing'ono a 5 GHz amakwanira mafoni amene amatha kuŵalandira. Kumbukiraninso kuti dzinja la kuno limabwera ndi mphezi, ndi kuti magetsi akathima nthaŵi zina amabwerera ndi mphamvu yoononga. Mvula ya mabingu ikayamba kutsika m'phiri, zulani pulagi kukhoma.

Makiyi aŵiri

Cholakwa changa chachikulu chinali kusadziŵa kuti rauta ili ndi makiyi aŵiri. Kiyi woyamba ndi mawu achinsinsi a Wi-Fi, amene timalemba m'foni kuti ilumikizidwe. Ameneyu ali ngati kiyi wa chitseko cha pabalaza. Kiyi wachiŵiri ndi wa mwini nyumba, wotsegulira m'kati mwa rauta mmene zonse zimasinthidwira, ndipo ali ngati kiyi wa kabati mosungira makiyi ena onse. Onse aŵiri amalembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwa chipangizocho, ndipo onse aŵiri ayenera kusinthidwa tsiku loyamba lomwelo.

Kachitidwe kake nkotere. Lumikizani foni kapena kompyuta yanu ku rauta. Tsegulani pulogalamu yoŵerengera masamba a intaneti, monga Chrome, ndipo pamwamba polemba adiresi lembani nambala imene ili pa kapepala kaja. Kaŵirikaŵiri imakhala 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo pa marauta ambiri a Huawei imakhala 192.168.8.1. Padzatuluka tsamba lofunsa dzina ndi mawu achinsinsi. Pa marauta ochuluka fakitale imangoika liwu lakuti admin m'malo onse aŵiri, ndipo zimenezi ana athu a ku sekondale amazidziŵa bwino lomwe. Mukaloŵa, pitani pamene palembedwa System kapena Administration, musinthe mawuwo musanachite china chilichonse.

Wina angafunse kuti, ndani angavutike ndi kabokosi ka mphunzitsi wa ku Zomba? Yankho nlakuti akuba a masiku ano sasankha nyumba. Amatuma makompyuta kuti azigogoda pa makomo onse a dziko lapansi usana ndi usiku. M'chaka cha 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai idalanda marauta ndi makamera zikwi mazanamazana m'maiko ambiri, pongoyesa maina ndi mawu achinsinsi a ku fakitale ongopitirira pang'ono 60. M'mwezi wa October chaka chomwecho zipangizo zolandidwazo zidagwiritsidwa ntchito kusokoneza masamba akuluakulu monga Twitter ndi Netflix kwa maola angapo, eni ake osadziŵa kanthu. Vutoli nlalikulu kotero kuti dziko la Britain, kuyambira mu April 2024, lidaletsa kugulitsa zipangizo zotere zokhala ndi mawu achinsinsi osavuta kulota monga admin kapena 12345.

Mukatha kusintha kiyi wa mwini nyumba, pitani pamene palembedwa Wireless kapena Wi-Fi. Pamenepo mudzaona dzina limene rauta yanu imaonetsa kwa odutsa, lotchedwa SSID. Lisintheni, koma musaikepo dzina la banja lanu kapena nambala ya nyumba, pakuti nkosayenera kuuza mlendo aliyense chitseko chimene ayenera kugogoda. Kenaka sinthani mawu achinsinsi a Wi-Fi. Rauta imalola zilembo kuyambira 8 mpaka 63, ndipo mphamvu ya mawuwo ili m'kutalika kwake. Manambala 8 okha angasanjidwe m'njira 100,000,000. Kwa ife chiŵerengero chimenechi nchachikulu, koma kompyuta imachimaliza m'kanthaŵi kochepa. Peŵani nambala ya foni yanu, chaka chobadwa, dzina la mwana, ndi dzina la timu yanu, kaya ndi Bullets kaya ndi Manoma. Ndipo ife a mpingo tili ndi chizoloŵezi chathuchathu: Yohane316 ndi Masalmo23 ndi mawu oyamba amene mnansi wodziŵa kuti ndinu mkulu wa mpingo adzayese. Njira yabwino ndi kutenga mawu anayi kapena asanu a Chicheŵa osagwirizana konse, monga nkhwani, njinga, chipeŵa ndi bakha, nkuŵalumikiza ndi manambala angapo pakati. Mawu otere savuta kukumbukira koma ngovuta kulota. Musagwiritse ntchito chitsanzo changachi, pangani chanu. Makiyi onse aŵiri alembeni m'kabuku, ndipo mukasunge pamodzi ndi makadi a ubatizo ndi zikalata zina za banja.

Mtundu wa loko

Pa tsamba lomwelo pali malo olembedwa Security, posankhira mtundu wa loko. Loko ameneyu ndiye amabisa zonse zoyenda pakati pa foni ndi rauta kuti woima panja asaŵerenge. Loko wakale wotchedwa WEP adapezeka m'chaka cha 2001 kuti ngwofooka, ndipo lero amathyoledwa m'mphindi zoŵerengeka. M'malo mwake mudabwera WPA mu 2003, WPA2 mu 2004, ndi WPA3 mu 2018. Sankhani WPA3 ngati ilipo ndipo mafoni anu akuilola, apo ayi sankhani WPA2. Musasankhe WEP, ndipo musasankhe pamene palembedwa Open kapena None, pakuti kumeneko ndiko kugona chitseko chili chosatseka.

Palinso timakomo tiŵiri tam'mbali toyenera kukhomerera. Koyamba ndi WPS, njira imene idapangidwa kuti munthu alumikize foni pongodina batani kapena kulemba manambala 8. M'chaka cha 2011 wofufuza wina, Stefan Viehböck, adaonetsa kuti rauta imayesa manambalawo m'zigawo ziŵiri, kotero kuti wakuba safunika kuyesa njira mamiliyoni, koma pafupifupi 11,000 zokha. Zimitsani WPS. Kachiŵiri ndi Remote Management, kamene kamalola munthu wakutali kutsegula m'kati mwa rauta kudzera pa intaneti. Banja wamba silisoŵa zimenezi, choncho nakonso kakhale kozimitsa.

Alendo ndi kaundula

Ife Amalaŵi sitimana mlendo madzi akumwa, ndipo masiku ano mlendo akangokhala pansi amapemphanso Wi-Fi. Kumana nkovuta, pakuti mlendo ndi mame. Ena amaganiza kuti akamlembera okha mlendoyo mawu achinsinsi m'foni yake, iye atayang'ana kumbali, ndiye kuti chinsinsi chasungika. Sichoncho ayi. Mafoni a Android kuyambira m'chaka cha 2019 amatha kuonetsa kachizindikiro ka timadontho kotchedwa QR, ndipo mnzake akangokajambula nayenso waloŵa. Mankhwala ake ndi kutsegula chipinda cha alendo. Marauta ambiri ali ndi gawo lotchedwa Guest, limene limatulutsa dzina lachiŵiri ndi mawu achinsinsi akeake. Woloŵera pamenepo amalandira intaneti koma safika ku makompyuta a banja, ndipo alendo akapita mungathe kuzimitsa gawolo kapena kusintha mawu ake osasokoneza mafoni a m'nyumba.

Mphunzitsi aliyense amayamba tsiku ndi kuitana maina m'kaundula, chifukwa amafuna kudziŵa amene wabwera ndi amene wajomba. Rauta nayonso ili ndi kaundula wake, pamene palembedwa Devices kapena Clients. Loŵeruka lililonse tsegulani pamenepo, muŵerenge zipangizo zolumikizidwa, muyerekeze ndi zimene zili pakhomo panu. Mukapeza mlendo wosaitanidwa, sinthani mawu achinsinsi a Wi-Fi. Onse adzatuluka nthaŵi yomweyo, ndipo mudzaloŵetsanso a m'banja mwanu okha. Malangizo omweŵa akukhudzanso maofesi a mipingo, nyumba za abusa ndi sukulu zathu. Mlembi kapena wantchito akasiya ntchito timamlanda makiyi a ofesi, koma timaiŵala kuti mawu achinsinsi wapita nawo m'thumba.

M'kati mwa rauta muli pulogalamu imene opanga amaikonza akapeza ming'alu. M'chaka cha 2017 mng'alu udapezeka ngakhale mu WPA2 momwe, ndipo udamatidwa ndi zokonza zimene makampani adatumiza. Kamodzi pa miyezi ingapo pitani pamene palembedwa Update kapena Firmware, mulole rauta ilandire zatsopano, ndipo musaizimitse ntchitoyo ili m'kati. Pomaliza, kuseri kwa rauta kuli kabowo kolembedwa Reset. Mukadina m'menemo ndi singano kwa masekondi pafupifupi 10, zonse zimabwerera monga zidachokera ku fakitale. Izi zimathandiza mukaiŵala makiyi, kapena mukagula rauta yogwirapo kale ntchito, imene iyenera kufufutidwa musanaikhulupirire. Koma dziŵani kuti mwana wochenjera nayenso amakadziŵa kabowoka. Mukadzaona dzina la ku fakitale labwereranso, dziŵani kuti singano yagwira ntchito yosakhala yosoka.

Kuteteza ana athu

Zonse zimene ndafotokozazi zimatseka anthu akunja. Koma ngozi ya mzime wanga sidaloŵere pa mpanda. Idaloŵa pa khomo lovomerezeka, pa foni ya amake. Pali zinthu zitatu zothandiza pamenepa.

Choyamba ndi sefa. Foni ikafuna tsamba lililonse imayamba kufunsa kumene tsambalo lili, monga tinkachitira kale poyang'ana m'buku la manambala a lamya. Ntchito imeneyi imatchedwa DNS, ndipo pali mabuku ena otere amene amakana kupereka adiresi ya masamba olaula. Kampani ya Cloudflare idatsegula lotere m'chaka cha 2020, ndipo nlaulere. Ngati rauta yanu ili ndi malo olembedwa DNS, ikanipo 1.1.1.3 ndi 1.0.0.3, ndipo masamba ambiri olaula ndi a mapulogalamu oipa adzatsekeka pa zipangizo zonse za m'nyumba. Pa foni ya mwana mungaikenso pulogalamu ya Google yotchedwa Family Link, imene imalola kholo kusankha zimene mwana angatsegule ndi maola ake.

Chachiŵiri ndi nthaŵi. Marauta ambiri ali ndi gawo lotchedwa Parental Control, loikira maola amene foni yakutiyakuti ingalumikizidwe. Ngati zimenezi zikuvutani, pali njira imene siisoŵa sukulu: kuzimitsa rauta pakhoma. Pakhomo pathu imazimitsidwa 9 koloko usiku, ndipo mafoni onse amagona m'kadengu m'chipinda chathu. Ndikati onse ndikutanthauza ndi yanga yomwe, pakuti mwana samvera lamulo limene bambo wake akuliphwanya.

Chachitatu, chimene chili chachikulu koposa, ndi kukamba ndi ana. Ndisakunamizeni, abale, sefa ili ndi malire. Siiona zimene zikuyenda m'kati mwa WhatsApp, Facebook kapena TikTok, ndipo mwana wokhala ndi simukhadi yake angagule bandulo ya ndalama zochepa nkulambalala rauta yanu. Chaputala 6 cha Deuteronomo chimaika udindo wophunzitsa ana pa makolo, m'nyumba ndi panjira pomwe, ndipo udindo umenewu sitingautule pa kabokosi. Auzeni ana anu poyera kuti si aliyense wodzitcha mnzawo pa intaneti amene ali msinkhu wawo, kuti asamatumize zithunzi zawo kapena kuulula kumene amakhala, ndi kuti nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba siiperekedwa kwa munthu aliyense woimba foni, ngakhale adzitche wa ku ofesi. Koposa zonse alonjezeni kuti akaona choopsa nabwera kudzanena, simudzayamba ndi chikoti. Mzime wanga adandiuza pambuyo pake kuti mafunso a munthu uja adayamba kumuopsa kalekale, koma ankaopa ine koposa. Mawu amenewo adandilasa mtima. Ngati mwana wanu wafikiridwa ndi munthu wotere, musafufute mauthengawo, chifukwa ndiwo umboni. Kaneneni ku polisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa, kapena imbani nambala yaulere ya 116, yothandiza ana, imene bungwe la YONECO la muno mu Zomba limayendetsa.

Mawu kwa achinyamata

Inu ana athu mumadziŵa zipangizozi kuposa ife, ndipo zimenezi sizichititsa manyazi kuvomera. Thandizani makolo anu kutseka khomo limeneli mokhulupirika, ndipo mukatha aperekeni makiyi m'manja mwawo. Nzeru zimene muli nazo ndi mphatso, osati chida chopusitsira amene adakuberekani. Dziŵaninso kuti kugwiritsa ntchito Wi-Fi ya mnansi popanda chilolezo ndi kudya thukuta la munthu wina. Bandulo imagulidwa ndi ndalama, ndipo lamulo lachisanu ndi chitatu silidasiye kugwira ntchito chifukwa chakuti chobedwacho sichioneka. Boma nalonso lidaikapo lamulo. M'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limaletsa kuloŵa m'makompyuta a ena popanda chilolezo, kuzunza anthu pa intaneti, ndi kusunga kapena kufalitsa zithunzi zolaula za ana.

Anyamata anayi aja sindidaŵatengere ku polisi. Ndidaŵaitana pakhonde, mayi naŵaphikira tiyi. Atatu adavomera mwamanyazi kuti ankaonera mpira ndi mafilimu, ndipo adapepesa. Wachinayi anali mwana amene ndidamphunzitsapo mu Sitandade 6, amene tsopano anali pa University of Malawi, ndipo ankabwera ku ngalande ija kudzatumiza ntchito za m'kalasi chifukwa ndalama ya bandulo inkamsoŵa. Ndidamfunsa chifukwa chake sadagogode pachitseko. Adangoŵerama. Kuyambira tsiku limenelo ndidamtsegulira chipinda cha alendo chija, ndipo ankabwera madzulo dzuŵa lisanaloŵe, nakhala pampando pakhonde, osati m'ngalande. Iyeyo ndiye adathandiza mzime wanga masamu mpaka mayeso a Sitandade 8. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Loko ntchito yake si kutipanga ouma manja, koma kuti tikamapatsa tizidziŵa amene tikumpatsa.

Chaputala 7 cha buku la Nehemiya chimatiuza kuti linga la Yerusalemu litamangidwa ndi zitseko zitaikidwa, ntchito sidathere pomwepo. Nehemiya adaika alonda, adalamula nthaŵi yotsegulira ndi yotsekera zipata, ndipo anthu ena adapatsidwa udindo wolondera pafupi ndi nyumba zawo zomwe. Umu ndi mmene ziyenera kukhalira ndi ife. MACRA ili ndi ntchito yake, polisi ili ndi yake, abusa ndi aphunzitsi ali ndi yawo, koma khomo la nyumba yanu mlonda wake ndinu.

Chifukwa chake ndikupempha kholo lililonse loŵerenga nkhani ino kuti Loŵeruka likudzali lipatule ola limodzi. Itanani ana anu, mutembenuze kabokosi kaja, muŵerenge kapepala ka kunsi, ndipo musinthire pamodzi makiyi aŵiri aja. Ine masiku ano ndidabwerera ku mwambo wa bambo wanga. Usiku ndimazungulira pakhomo ndi tochi, ndimatseka chipata ndi chitseko, ndimaŵerenga mafoni m'kadengu, ndipo ndimazimitsa rauta. Tikatero timakhala pansi tonse, timapemphera, ndi kukagona. Ambuye asunge mabanja athu.